Galimoto yakana kulira m'mawa: ndi batire, alternator, kapena chilipo chikuba moto?

Mwezi wa Juni ukafika, m'mawa wa pa Dedza boma umadziwika: galimoto yagona pamtsetse itayang'ana kumunsi, anyamata atatu akuikankha, dalaivala ali pa giya yachiwiri kudikira poti asiye kilachi. Wa Sienta kapena Vitz ya otomatiki mwayi umenewo alibe, amangozungulira ndi mawaya ojampira kufuna womuchitira chifundo. Chigamulo sichichedwa: batire latha, gulani lina. Latsopanolo limagwira sabata ziwiri kapena zitatu, kenako m'mawa wina mukapotokola kiyi mumangomva ke-ke-ke, tinyali ta pa dashibodi tikuphethira. Ndalama zapita, matenda ali pomwepo.

Chisanu cha kuno sichipha batire, chimangoulula lomwe linkadwala kale. Kukazizira, mtovu ndi asidi za m'batire zimachedwa kutulutsa moto, pomwe oilo wa mu injini amakhala atalimba, ndiye sitata imafuna zambiri nthawi yomwe batire likupereka zochepa. Ya dizilo imawonjeza mahita, amene amayamba kumwa moto sitata isanazungulire n'komwe. Chimene chimakalambitsa batire ndi kutentha. Galimoto yomwe imatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi ku Mtakataka mu Okutobala imaumitsa madzi a m'batire msanga, koma mwini wake adzazindikira mu Juni.

Nkhokwe ikapezeka yopanda kanthu nthawi isanakwane, mwina ndi yoboola, mwina kumunda sikunachoke zokwanira, mwina ngolo inkataya m'njira, mwinanso ndi makoswe. Pa galimoto nkhokweyo ndi batire, munda ndi alternator yomwe imatchaja batire injini ikulira, njira ya ngolo ndi mawaya, ndipo makoswe ndi chilichonse chomwe chikumwa moto kiyi ali m'thumba mwanu. Zonsezi zimayezeka ndi multimeter, imene ambiri amangoti mita, kuphatikiza sipanala ya 10. Mita ya digito yotchipa imakwana pa ntchito yonseyi, kupatula muyeso umodzi womwe tiufika kutsogoloku.

Yambani ndi batire

Ikani mita pa 20V ya DC, pomwe pali V ndi kamzere kowongoka. Waya wofiira pa mutu wa pozitivi, wakuda pa negetivi, ndipo mugunde pa mtovu weniweni wa batire, osati pa teminolo yomangirira. Galimoto ikhale itazima kwa maola angapo. Ngati yangofika kumene, yatsani nyali zakutsogolo kwa mphindi imodzi, muzimitse, mudikire mphindi zisanu, chifukwa batire longochoka pa tchaji limaonetsa nambala yonyenga.

Lodzaza limaonetsa 12.6V kapena 12.7V. Likamaonetsa 12.4V latsala ndi magawo atatu mwa anayi, 12.2V ndi theka, 12.0V latsala pang'ono kutheratu. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, amati "12 ilipo, batire lili bwino." Ayi, kusiyana kwa batire lodzaza ndi lakufa sikufika ngakhale volti imodzi. Mkati mwake muli zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha 2.1V. N'chifukwa chake batire lomwe mwalitchaja usiku wonse koma m'mawa n'kukhazikika pa 10.5V limakhala kuti chipinda chimodzi chashota, ndipo limenelo silichira.

Mukapeza lili pansi pa 12.4V, musapitirire ndi miyeso ina. Litchajeni kaye pa tchaja, chifukwa batire lopanda moto limanamizira sitata ndi alternator yomwe. Tchajani pang'onopang'ono, ndi mphamvu yokwana gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwake. Batire la NS40 la mu Vitz kapena Passo ndi la pafupifupi 35Ah, ndiye 3A kapena 4A kwa maola 10 mpaka 12 ndi zokwana. N70 ya mu minibasi ya dizilo ifuna 7A. Magetsi akazima pakati pa usiku, maola amenewo musawawerengere. Potchaja batire limatulutsa mpweya woyaka, choncho pakhale podutsa mphepo, kutali ndi mbaula ndi fodya.

Likadzaza, liyeseni pa katundu. Mita ili pa mitu ya batire, wina apotokole kiyi kwa masekondi osapitirira 10. Kuti injini isalire, chotsani fyuzi yolembedwa EFI ngati ndi ya petulo. Nambala itsika, koma isapyole pansi pa 9.6V. Batire loonetsa 12.6V likupuma koma n'kugwera pa 7V kapena 8V sitata ikangogwira latopa, mapuleti ake sakusunganso moto.

Muyeso wina sufuna ukatswiri, umangofuna usiku umodzi. Batire litadzaza, masulani teminolo ya negetivi madzulo, muibwezere m'mawa. Galimoto ikalira bwino chonsecho masiku onse imakana, wakuba ali m'galimoto. Ikakanabe, kapena mita ikaonetsa kuti latsika kufika cha m'ma 12.2V lili lokhalokha, batirelo likudzidya lokha.

Ngati lili ndi zitsekerero, tsegulani muyang'ane. Madzi azikhala pakati pa mizere iwiri ya pambali, mapuleti atamira. Owonjezera ndi madzi a batire ogula m'botolo basi. A pamjigo kapena a pachitsime ali ndi mchere womwe umawononga mapuleti, ndipo asidi sawonjezeredwa chifukwa chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Amene ali ndi hydrometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa madzi a m'batire, ayeze chipinda chilichonse: chodzaza chimakhala cha m'ma 1.265 mpaka 1.280, chakufa cha m'ma 1.120. Chipinda chimodzi chikasiyana ndi zinzake ndi 0.050 kapena kuposa, batire lapita. Zoti mukhuthule madzi onse n'kuthira asidi watsopano zimalidzutsa masiku ochepa, kenako limafa kotheratu.

Pamwamba pa batire pamabanso moto. Fumbi likasakanikirana ndi chinyontho cha asidi limapanga njira pakati pa mitu iwiri ija. Gundani waya wakuda pa negetivi, wofiira muziyendetsa pa pulasitiki wa pamwamba. Mita ikamaonetsa mavolti, ndiye kuti pakudutsa moto. Soda yemweyu wothira m'therere, supuni imodzi m'kapu ya madzi ofunda, amatsuka zimenezi pamodzi ndi ufa woyera wa pa mateminolo. Angosamala kuti asalowe m'zipinda, chifukwa amapha asidi.

Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa n'kudzazidwanso pomwepo. Lomwe madzulo limachotsedwa kukayatsa TV kunyumba, kapena kukaimbira zoimbira pa chinkhoswe mpaka litatheratu, silikhalitsa. Lililonse likakhala sabata zingapo lilibe moto, mapuleti amachita chikhungu cholimba chomwe tchaja sachotsa. Ndipo lomwe silinamangidwe, longogwiridwa ndi chingwe cha mphira, limagwedezeka m'misewu ya kumidzi yokatenga mbatata ndi kabichi mpaka zopaka pa mapuleti kuyoyokera pansi n'kushotetsa chipinda.

Mawaya ndi mateminolo

Teminolo ikamatembenuka ndi dzanja, ndi yomasuka, ngakhale nati itamangidwa mpaka kumapeto. Msomali kapena sikuluwu yokhomera pakati imakufikitsani kunyumba, koma imagunda pa kadontho kochepa komwe kamatentha n'kuchita dzimbiri. Gulani teminolo ina, ndipo muone kukula: NS40 ndi NS60 zambiri zili ndi mitu yopyapyala, N70 ili ndi yonenepa.

Waya wodyeka mkati saoneka ndi maso, ndipo mukamuyeza palibe katundu amaonetsa 12V bwinobwino. Amagwidwa pamene moto ukudutsa. Mita ikhalebe pa DC, waya umodzi pa mutu wa negetivi wa batire, wina pa chitsulo cha injini, wina apotokole kiyi. Nambala yomwe ikutuluka ndi moto wotayika m'njira, ndipo isapitirire 0.2V kapena 0.3V. Ikafika 0.8V kapena 1V, ethi, waya wa negetivi wa pakati pa batire, bodi ndi injini, yawola, kapena inaiwalika pamene injini kapena giyabokosi inkatsitsidwa. Chitani chimodzimodzi kuchokera pa mutu wa pozitivi kufika pa nati yaikulu ya sitata, pamenepo isapitirire 0.5V.

Kodi alternator ikutchaja?

Choyamba n'chakuti musachotse teminolo injini ikulira. Muyeso umenewu ndi wotchuka m'magalaja a m'mbali mwa M1, ati ikazima ndiye kuti alternator yafa. Unkagwira pa magalimoto akale opanda kompyuta. Batire ndi lomwe limameza kukwera kwadzidzidzi kwa mavolti, ndiye mukalichotsa alternator ikupopa, mphamvu imalumpha kufika mavolti makumi angapo m'kanthawi kochepa. Zopsa ndi madayodi a mu alternator, regulator yomwe imalamula mavolti otchajira, kompyuta ya injini, nthawi zina ndi dashibodi yomwe. Komanso sumanena zoona: alternator yofooka imatha kuyendetsa injini yokha koma osakwanitsa nyali. N'chimodzimodzi ndi chizolowezi choliza galimoto ndi batire lobwereka, kulizula injini ikulira, n'kuikapo lakufa lija.

Yambirani pa kanyali ka batire pa dashibodi. Kiyi akakhala pa ON injini isanalire, kayake. Injini ikalira, kazime. Kakapanda kuyaka n'komwe, mwina babu lapsa, pulagi ya kuseri kwa alternator yazuka, kapena mabulashi, timakala topereka moto mkati mwa alternator, atha. Pa ma alternator ena akale moto woyambitsira kutchaja umadutsira m'babu lomwelo, moti babu likapsa galimoto sitchaja mpaka mutaponda mafuta kwambiri. Kakamaphethira poyenda, ganizirani mabulashi kapena lamba. Kakamayaka mozimirira, kooneka usiku wokha, kawirikawiri ndi dayodi. Pa ma Toyota ambiri akale kanyali ka mabuleki kamayakira limodzi ndi ka batire alternator ikasiya ntchito. Musathamangire kumasula mabuleki.

Tsopano lizani injini, mita ili pa batire, mukweze kufika 2000 rpm. Pafunika 13.8V mpaka 14.5V. Yatsani nyali zazikulu, fani ya hita pa sipidi yomaliza ndi hita ya galasi lakumbuyo, monga mumachitira mu nkhungu ya pa Bembeke. Nambala igwedezeke pang'ono koma ikhalebe pamwamba pa 13.5V kapena pafupi pamenepo. Ikatsika kufika 12V n'kumapitirirabe kutsika, galimoto ikuyendera batire lokha.

Musamasule alternator pomwepo. Onani lamba kaye. Mukamukanikiza ndi chala chachikulu pakati pa ma pulley awiri, alowe pafupifupi 10mm. Wonyezimira mkati, wong'aluka kapena wonyowa ndi oilo amaterera, ndipo amalira tswiii m'mawa mukangoyatsa nyali, chifukwa alternator ikalemedwa imalimba kuzungulira. Kumumanga mopitirira muyeso kumaphanso mabering'i a alternator ndi a pampu ya madzi.

Kenako yezani pa nati yaikulu ya kuseri kwa alternator, yolembedwa B, injini ikulira. Pakakhala 14.3V koma pa batire pali 12.4V, alternator ilibe mlandu, moto ukutsakamira m'njira. Fufuzani fyuzi yaikulu yolembedwa ALT m'bokosi la pafupi ndi batire, ya 80A, 100A kapena 120A malinga ndi galimoto. Imeneyi imamangidwa ndi mabauti pansi, simazuka ndi dzanja, ndipo imapsa kawirikawiri wina akasemphanitsa mawaya pojampa. Pakati pa B ndi pozitivi ya batire, nyali zili zoyaka, pasatayike moto woposa 0.3V mpaka 0.5V.

Pulagi yaing'ono ija nayo iyezedwe. Pa alternator ya Denso ya mapini atatu, yomwe ili m'ma Toyota ambiri, IG imalandira 12V kiyi akakhala pa ON ndipo ndi imene imadzutsa regulator; S imakhala ndi moto wa batire nthawi zonse, ndi khutu lomwe regulator amamvera kuti batire lili pati; L imapita ku kanyali ka pa dashibodi. IG ikasowa moto chifukwa cha fyuzi yopsa kapena waya wodulidwa ndi khoswe, alternator yabwinobwino imangozungulira osatchaja. Ambiri agula ina chifukwa cha kafyuzi ka 7.5A kapena 10A.

Kutchaja mopitirira nako ndi matenda. Mita ikamapitirira 15V, batire limawira, limanunkha ngati mazira owola, limatupa m'mbali, madzi amatha sabata iliyonse, mababu amapsa motsatizana. Wolakwa ndi regulator, kapena waya wa S wachita dzimbiri moti regulator akumva ngati batire lili pansi n'kumangopopa. Galimoto yotere isayende ulendo wautali.

Madayodi ndi omwe amawongola moto wa AC wopangidwa mkati kuti utuluke wa DC. Imodzi ikafa, mita imatha kuonetsabe 13.8V popanda katundu, koma mphamvu yatsika, wailesi imalira mluzu wokwera ndi injini, ndipo alternator imatentha. Ikani mita pa AC, muyeze pa B ndi pa chitsulo cha alternator injini ikulira nyali zili zoyaka. Yabwino imaonetsa pansi pa 0.1V kapena pafupi, ikapitirira 0.5V madayodi awonongeka. Apa ndi pomwe mita yotchipa imanama: ina ikaikidwa pa AC imaonetsa 27V kapena 30V ngakhale pa batire lokha. Iyeseni kaye injini itazima. Ikapanda kuonetsa ziro, siingathe muyeso umenewu.

Alternator ikatsimikizika kuti ndiyo yolakwa, nthawi zambiri imakonzeka. Mabulashi atsopano amatulukira pafupifupi 10mm. Akatsala 4mm kapena 5mm asintheni, ndipo pa Denso zambiri amachoka mutangomasula chivundikiro chakumbuyo ndi tisikuluwu tiwiri. Mphete ziwiri zamkuwa zomwe mabulashi amakhudza zikhale zosalala, zopanda ngalande yozama. Pakati pa mphete ziwirizo mita ionetse 2 mpaka 4 ohms, ndipo pakati pa mphete ndi shafiti pasadutse kanthu. Dayodi iliyonse iziyezedwa pa chizindikiro cha dayodi: mbali imodzi 0.4 mpaka 0.6, mukatembenuza mawaya isaonetse kanthu. Mawaya a mkati akakhala akuda, onunkha kupsa, pamenepo kugula ina kumaposa. Pogula yakale yochokera ku Japan, musangoona kuti mabauti akugwirizana. Pulagi, kuchuluka kwa mapini, ma amp olembedwa pa chikalata ndi mizere ya pulley zifanane ndi yanu.

A minibasi ndi ma pikiapu a dizilo a injini za 2L, 3L, 5L ndi TD27 ali ndi vuto lawolawo. Pa alternator yawo pamakhala pampu yothandiza mabuleki, yomwe imayendera oilo wa injini. Siilo yake ikatha, oilo amalowa mkati, amasakanikirana ndi fumbi la mabulashi n'kukhala phala, mabulashi amamatirira, kutchaja kumasiya. Kusintha mabulashi osasintha siilo n'kubwereranso ku galaja mwezi womwewo. Ndipo lamba akaduka pa galimoto yotere, si kutchaja kokha komwe kwaima: mukaponda kawiri katatu, buleki imalimba ngati mwala. Pa mtsetse wa ku Golomoti kanyali ka batire kakayaka mwadzidzidzi, imani pomwepo.

Pali magalimoto amene angakupusitseni. Ambiri a ku Japan a zaka za posachedwa ali ndi kasensa pa teminolo ya negetivi, ndipo kompyuta ndi imene imalamula alternator. Batire likadzaza imatsitsa dala kufika cha m'ma 12.5V kapena 13V kuti ipulumutse mafuta, mukasiya kuponda mafuta imakweza kupitirira 14V. Yatsani nyali zazikulu ndi fani. Ikakwera n'kukhazikika, ili bwino. Ethi iliyonse yowonjezera isamangidwe pa mutu wa batire kudumpha kasensako, ipite pa bodi. Galimoto zomwe zimazima zokha mukaima zimafuna batire lake, lolembedwa M-42, N-55, Q-85 kapena S-95, ndipo wamba silichedwa kutha. Aqua ndi Prius zilibiretu alternator: batire laling'ono limatchajidwa kuchokera ku lalikulu galimoto ikakhala pa READY, ndipo pamenepo mita ionetse cha m'ma 14V. Mawaya a mtundu wa lalanje m'galimoto zimenezi musawakhudze, amapha.

Kusaka wakuba

Batire lili bwino, alternator ikutchaja, koma galimoto ikagona usiku umodzi kapena iwiri imakana. Masamu ake ndi osavuta. Kababu ka 5W ka mu buti kamamwa pafupifupi 0.4A, pa tsiku ndi 10Ah, moti NS40 imakhala itadutsa theka pa masiku awiri. Mababu awiri a mabuleki a 21W amamwa 3.5A, ndipo maola 10 okha alimaliza. Galimoto yabwinobwino imamwa pang'ono posunga wotchi, wailesi ndi kompyuta, koma isapitirire 50mA, zomwe pa mita yoikidwa pa 10A zimaoneka 0.05.

Musanatulutse mita, tulukani usiku muizungulire galimoto. Nyali za mabuleki zoyaka palibe woponda zimachitika kawirikawiri: pa pedulo pali kamphira kozungulira komwe kamakanikiza switchi, kakakalamba kamasweka, tizidutswa take mumatipeza pa kapeti. Babu la mu buti ligwireni mukangotsegula. Likakhala lotentha kale, ndiye kuti silizima. M'mawa injini ili yozizira, gwirani alternator ndi ma relay, timaswitchi toyendera magetsi ta m'bokosi la mafyuzi. Chofunda chilichonse chagona chikumwa moto.

Poyeza, chotsani kiyi, ndipo ngati ndi ya batani kiyiyo akhale kutali mamita angapo. Zitseko zomwe mufuna zikhale zotsegula, kanikizani loko wake ndi sikuludiraiva kuti galimoto iziona ngati zatsekedwa. Waya wofiira wa mita usamukire pa bowo la 10A, mita ikhale pa 10A ya DC. Masulani nati ya negetivi koma musazule. Gwiritsani waya umodzi pa mutu wa batire, wina pa teminolo, kenako kwezani teminolo pang'onopang'ono kuti moto uzidutsira mu mita osadukapo. Mukadula kaye n'kulumikiza pambuyo, relay yomwe inamatirira imamasuka, wakuba n'kubisala. Mita ili chonchi musayatse kiyi, musatsegule nyali, chifukwa fyuzi ya m'mita ipsa.

Poyamba muona 0.5A, mwina 1A kapena kuposa. Musadandaule, makompyuta sanagone. Ena amagona pa mphindi zisanu, ena amafuna 30 kapena 40. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatsegula chitseko kapena kugunda rimoti, onse amadzuka ndipo muyambiranso kuwerenga. Ikakhazikika pa 0.02 kapena 0.03, palibe wakuba. Ikakakamira pa 0.15, 0.4 kapena 2.0, yambani kuzula mafyuzi imodziimodzi, a mu injini kenako a pansi pa dashibodi, diso lili pa mita. Yomwe mwazula nambala n'kugwa, mlandu uli pa njira imeneyo. Pa Toyota yambani ndi DOME, ECU-B, RADIO ndi STOP, chifukwa zimakhala ndi moto nthawi zonse. Fyuzi ikapezeka, ibwezereni n'kumazula mapulagi a zinthu za pa njirayo chimodzichimodzi. Musazule zambiri nthawi imodzi, ndipo jambulani bokosi ndi foni musanayambe.

Nthawi zambiri wakuba si wa ku fakitale, ndi mlendo woikidwa kuno. Mawailesi ambiri a ku Japan amalekezera pa 90 MHz, ndiye ambiri amaikitsa kabokosi kowonjezera masiteshoni kapena wailesi ina ya Android. Wailesi ili ndi mawaya awiri a moto: wachikasu wa nthawi zonse wosunga masiteshoni, ndi wofiira woyaka ndi kiyi. Woika wofulumira amawapota pamodzi pa moto wa nthawi zonse, ndipo wailesi imazima nkhope yokha, mkati ikumwabe. Amplifier ya m'minibasi imayenera kudzutsidwa ndi waya wa buluu wochokera ku wailesi. Ikalumikizidwa mwachindunji, imagona ili maso. Onjezani alamu, tracker yomwe kabatire kake kanafa, tchaja ya foni yomangidwa pa batire penipeni, ndi nyali za padenga. Zambiri mwa izi sizidutsira m'bokosi la mafyuzi, ndiye tsatani waya uliwonse wachilendo womwe wamangidwa pa teminolo ya pozitivi. Pa ma Honda, relay ya kompuresa ya AC yoziziritsa m'galimoto imadziwika ndi kumatirira, ndipo imamwa ma amp atatu kapena anayi. Mukamva kuti tha! kutsogolo kwa injini polumikiza batire, ndi imeneyo.

Mafyuzi onse atha koma nambala sinagwe? Bwererani ku alternator. Dayodi yoshota imabweza moto kuchoka ku batire kulowa m'mawaya a mkati usiku wonse, ndipo njira yake ndi fyuzi yaikulu ija yomwe simazuka. Chotsani mita, negetivi ikhale yozula, masulani waya wa pa B n'kumukulunga ndi tepi kuti asagunde chitsulo, kenako yezaninso. Nambala ikagwa, mwamupeza. Alternator yomweyo masana imatha kuoneka ngati ikutchaja, n'chifukwa chake vutoli limadya mabatire awiri atatu lisanadziwike. Mukamaliza, bwezerani waya wofiira pa bowo la V. Mukaiwala n'kugunda pa batire, mita imashota pomwepo.

Nthawi zina wakuba palibe, ndi kayendetsedwe. Takisi yoyenda timaulendo ta mphindi zisanu pakati pa boma ndi pa msewu waukulu, nyali, fani ndi wailesi zili zoyaka mu nkhungu, imatulutsa zambiri kuposa zomwe imabweza. Pa mzere wa mafuta n'chimodzimodzi: kuliza, kusuntha mamita awiri, kuzimitsa, wailesi ikuimba tsiku lonse. Ndipo batire lomwe linatheratu silidzaza chifukwa mwajampa n'kuthamanga mpaka pa Linthipe. Limafuna maola ambiri pa tchaja, komanso kulisiyira alternator kumaitenthetsa madayodi.

Malole a 24V onyamula katundu pa Lizulu ndi pa Tsangano ali ndi mabatire awiri olumikizidwa motsatizana, ndipo kutchaja kwake kumakhala cha m'ma 27.5V mpaka 28.5V. Yezani lililonse palokha, asasiyane kwambiri. Cholakwika chofala ndi kutenga 12V ya wailesi kapena tchaja ya foni pa batire limodzi. Limenelo limakhala la njala nthawi zonse, linzake limatchajidwa mopitirira mpaka kuwira, ndipo onse awiri amafa msanga. Pafunika kabokosi kotsitsa 24V kufika 12V. Posintha, asinthidwe onse awiri, ofanana kukula ndi msinkhu.

Galimoto yomwe ikhala sabata ziwiri kapena kuposa osayenda, izuleni negetivi, chifukwa ngakhale 50mA yololedwa ija pa masiku 14 imakwana pafupifupi 17Ah, theka la NS40. Pomasula muziyamba ndi negetivi, pobwezera muzimalizira negetivi, kuti sipanala ikagunda bodi muli pa pozitivi pasathetheke moto. Koma musanazule koyamba, yang'anani wailesi. Zina zobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan zikasowa moto zimadzuka zikufuna khadi la mapu kapena nambala yachinsinsi, ndipo ngati khadilo mulibe zimangoonetsa uthenga wa Chijapani osaimbanso. Galasi la dalaivala nalo limatha kuiwala kukwera lokha: litsitseni, mulikweze mpaka pamwamba, n'kugwirabe switchi kwa masekondi awiri kapena atatu. Injini ikamanjenjemera pang'ono poima, isiyeni ilire mpaka itenthe, kompyuta imapezanso muyeso wake yokha.